Walira Mvula Walira Matope: Bizinesi Ikayamba Kukula

M'makomo mwathu ambiri, makamaka m'mwezi wa Ramadhan pamene amayi amakhala kalikiliki ndi mandasi, samusa ndi chapati zomasulira swaumu, dzina la Azam ndi lodziwika ngati la mnansi. Lili pa thumba la ufa wa tirigu, lilinso pa dishi ya kanema padenga. Koma ndi owerengeka amene amadziwa kuti mwini wake wa dzinali, bambo Said Salim Bakhresa, amene anabadwira ku Zanzibar mu 1949, anasiya sukulu ali ndi zaka 14 n'kuyamba kugulitsa chakudya cha mbatatesi.

Anthu oyamba monga anayambira bambo ameneyu alipo zikwizikwi pakati pathu. Pitani pa msika wa Limbe, pa Liwonde, pa Mangochi boma, pa Nkhotakota kapena ku Area 2 mu Lilongwe, muwapeza atayala kale katundu dzuwa lisanatuluke. Ambiri ndi olimbikira, ndi osamala ndalama, ndipo Mulungu akawadalitsa benchi imasanduka okala, okala n'kusanduka golosale, golosale n'kubereka inzake. Tsono pamene anthu ayamba kuwaitana kuti “bwana”, pamene antchito afika asanu kapena khumi, m'pamene timamva kuti zinthu zasokonekera. Mashelefu ayamba kuyera, mnyamata wodalirika uja wathawa, sitolo yachiwiri yatsekedwa, ndipo pakamwa pa anthu pali mawu akuti “amulodza” kapena “anali wokhwima, mankhwala atha mphamvu.” Ife tikuona kuti nthawi zambiri chimene chachitika n'chapafupi kwambiri. Bizinesi inakula, koma mwini wake anapitiriza kuiyendetsa ngati akadali pa benchi paja.

Mmene ntchito za Bakhresa zinaberekerana

M'zaka za m'ma 1970 Bakhresa anali ndi malo odyera mumzinda wa Dar es Salaam. Kuchokera pamenepo anayamba kuphika buledi ndi kupanga ayisikilimu, kenako analowa m'ntchito yogaya mbewu. Tikumbukire kuti nthawi imeneyo Tanzania inali pansi pa ndondomeko ya Ujamaa ya a Julius Nyerere, katundu ankasowa m'masitolo, ndipo ntchito yaikulu yogaya mbewu inali m'manja mwa bungwe la boma la National Milling Corporation. Wophika buledi amene alibe ufa wodalirika sagona tulo. Taonani tsono mmene chinthu chimodzi chimaitanira chinzake: wodyetsa anthu amafuna buledi, buledi amafuna ufa, ufa umafuna tirigu wochokera kunja, ndipo tirigu amafuna doko, nkhokwe ndi malole. Gululi linadzakhala ndi zigayo ku Uganda, Rwanda, Burundi, ku doko la Nacala m'dziko la Mozambique, ku South Africa ndi ku Zimbabwe komwe linagula kampani ya Blue Ribbon. Kuno kwathu linalowa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 pogula kampani yomwe inkatchedwa Grain and Milling ku Blantyre. Kanema wa Azam TV amene anayamba mu 2013, ndi timu ya mpira ya Azam FC yomwe inatenga ligi ya Tanzania mu 2014, ndi zinthu zomwe zinadza mizu itazama kale.

Nanga ife timatani golosale ikayamba kupanga phindu? Timagula minibasi. Palibe chimene tikudziwa pa za injini, sitinakhalepo kondakitala, ndalama zikupangidwira kutali ndi maso athu pakati pa Zomba ndi Limbe, koma chifukwa mnzathu wa pa mzikiti ali ndi minibasi ziwiri, nafenso tikufuna. Minibasi ikafa giyabokosi, ndalama yokonzera imachokera m'kabati ya golosale. Mwezi wotsatira tamva kuti usipa ukulipira, tatumiza mlamu ku Makawa ndi ndalama za shuga. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kufutukula bizinesi n'kwabwino ndithu, koma nthambi yatsopano imagwira msanga ngati ikugwiritsa ntchito zomwe tikuzidziwa kale, makasitomala omwe tili nawo kale, kapena ikuchotsa vuto lomwe likutsamwitsa bizinesi yoyambayo. Wophika buledi amene wagula njinga yamoto yoperekera buledi m'magolosale wayenda m'njira ya Bakhresa. Amene wagula boti la matola asanaonepo nyanja wayenda m'njira ya pusi uja.

Makiyi

Koma chachikulu chomwe tikufuna kukambirana si kusankha nthambi. Munthu mmodzi sangakhale pa kauntala ku Dar es Salaam n'kukhalanso pa sikelo ku Blantyre. Panafika tsiku, kalekale zigayo zisanachuluke, pamene bambo uja anayenera kupereka makiyi kwa munthu wina n'kupita kukagona. Tsiku limeneli limafika kwa aliyense amene bizinesi yake ikukula, ndipo ambiri a ife ndi pamene timagwera.

Mu 1972 mphunzitsi wina wa ku America wa za kayendetsedwe ka makampani, Larry Greiner, analemba nkhani m'magazini ya Harvard Business Review yomwe ikuwerengedwabe mpaka lero. Mfundo yake inali yakuti bizinesi imakula podutsa m'mavuto otsatizana, ndipo vuto lililonse limabadwa kuchokera ku mankhwala amene anachiza vuto lapitalo. Tiyeni tiiike m'chilankhulo cha pa golosale. Poyamba zonse zimayenda ndi nzeru ndi thukuta la mwini: amapikula yekha, amagulitsa yekha, mitengo ndi ngongole zili m'mutu mwake. Antchito akachuluka, m'mutu muja simukwananso, pamakhala chisokonezo, ndipo pamafunika munthu woika malamulo ndi kugawa ntchito. Malamulo aja akakhwima, antchito odziwa ntchito amayamba kutopa ndi kufunsa chilolezo pa kanthu kalikonse, ndiye mwini amayenera kuwamasulira manja. Akawamasula, amayamba kumva ngati zinthu zikumupulumuka, nthambi iliyonse ikuchita zake. Akaika mafomu ndi malipoti kuti aziona zonse, mapepala aja amachuluka mpaka kulepheretsa ntchito. Sitikunena izi pofuna kuopseza. Ubwino wodziwa zimenezi ndi wakuti vuto likafika sitithamangira kuloza chala mnansi kapena mkazi wa m'bale wathu. Walira mvula walira matope.

Mantha a mwini bizinesi popereka makiyi ndi omveka. Mpamba unapezeka movutika, mwina ndi wa fodya wa zaka zitatu kapena wa ku Joni, ndipo aliyense amadziwa mwambi uja wakuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Komatu mbiri yathu yomwe ili ndi chitsanzo chomveka bwino. Mayi Khadija (R.A) anali mwini malonda wolemera ku Makka, ndipo sankayenda okha ndi katundu wawo, ankatuma anthu. Pamene anatuma Muhammad (S.A.W) ku Sham, asanalandire utumiki, ali ndi zaka pafupifupi 25, anamusankha kaamba ka mbiri yake ya kukhulupirika yomwe mzinda wonse unkaidziwa. Komabe pa ulendowo anapita ndi Maisara, wantchito wa Mayi Khadija, amene pobwera anafotokoza zonse zimene anaona. Ngati munthu amene ankatchedwa Al-Amin anayenda ndi mboni, mnyamata wathu wa pa kauntala sayenera kukhumudwa tikamawerenga sitoko, ndipo ifenso tisamachite manyazi kutero.

Njira zake n'zakale ndipo sizifuna digiri. Wolandira ndalama asakhale yemweyo wolemba buku, ndipo wolemba buku asakhale yemweyo wowerenga katundu m'nkhokwe. Anthu awiri kuti agwirizane kuba n'kovutirapo kusiyana ndi munthu mmodzi kudzinong'oneza yekha. Malisiti akhale a manambala otsatizana, ndipo tsamba likang'ambika lisatayidwe. Ndalama za tsikulo zigone ku banki, osati m'kabati. Chiyambire pamene Airtel Money ndi Mpamba zinafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010, pabuka khomo latsopano lotulukira ndalama: kasitomala amatumiza ku nambala ya wantchito, wantchito n'kuiwala kulemba. Nambala yolandirira ndalama ikhale ya bizinesi ndipo ilembedwe poonekera. Sitoko iwerengedwe pa tsiku lodziwika mwezi ndi mwezi, komanso nthawi zina mwadzidzidzi, mitundu isanu yokha ya katundu wothamanga monga shuga, mafuta ophikira ndi sopo. Zinthu zimenezi zimateteza wantchito wokhulupirika kuposa wina aliyense, pakuti katundu akasowa m'sitolo yopanda mabuku, onse amakhala akuba m'maso mwa bwana.

Pali mbali ina yomwe eni mabizinesi sakonda kuimva. Kupereka makiyi popanda kupereka mphamvu n'kunamizana. Tonse tinaonapo manijala amene kasitomala akapempha kuchotseredwa K500 amayenera kuimbira foni bwana ali ku maliro. Tinaonanso bwana amene amafika n'kusintha zimene manijala wagamula, pamaso pa antchito ndi makasitomala, kenako n'kumadandaula kuti “anthu a masiku ano safuna kuganiza.” Aganize bwanji? Muuzeni munthu malire ake momveka: ngongole angapereke mpaka ndalama zakuti, kwa anthu akuti; katundu angaode mpaka pakuti; kuposera apo afunse. M'kati mwa malirewo msiyeni, ngakhale atachita mosiyana ndi mmene mukanachitira inu. Akalakwa, mukambirane awiri kuseri. Adzalakwitsa ndithu, monga munalakwitsira inu chaka chanu choyamba, ndipo ndalama yotayika pamenepo ndi fizi ya sukulu yake.

Chibale pa kauntala

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo tilankhule mosabisa. Bizinesi ya Mmalawi ikakula, mudzi wonse umadziwa. Mlongo amatumiza mwana wake amene walephera Fomu 2, apongozi amatumiza mlamu, ndipo kwa ife a kumwera kuno, kumene mwamuna ndi mwinimbumba wa ana a alongo ake, kukana mphwako ndi mlandu woti ukakambidwe pansi pa mtengo. Sitikunena kuti abale asalembedwe ntchito. Nthambi zosiyanasiyana za gulu la Bakhresa zakhala zikuyendetsedwa ndi ana ake, ndipo masitolo ambiri a mu Limbe akhala m'manja mwa banja limodzi kwa mibadwo itatu. Kusunga chibale ndi lamulo la chipembedzo chathu. Funso ndi lakuti m'baleyo walowa ngati ndani.

Amene walowa ngati “mwana wa pakhomo” alibe malipiro odziwika, alibe nthawi yoyambira ntchito, ndipo palibe amene angamudzudzule. Popeza salipidwa, amadzilipira yekha, lero botolo la mafuta, mawa mayunitsi, ndipo mumtima mwake sakuba, akudya za malume ake. Antchito ena amaona, ndipo amaphunzira msanga kuti malamulo a pano ndi a anthu obwera okha. Wakhama uja amene mumamudalira amazindikira kuti ngakhale atagwira zaka khumi, umanijala udzapita kwa mphwanu, ndiye amachoka, kawirikawiri ndi makasitomala anu, n'kukatsegula yake tsidya lina la msewu.

Mankhwala ake ndi owawa tsiku loyamba lokha. M'bale alowe ndi malipiro monga wina aliyense, ndi ntchito yodziwika, ndipo akhale pansi pa manijala ngakhale manijalayo ndi wa mtundu wina kapena chipembedzo china. Makolo ake auzidwe zimenezi mwanayo asanakwere basi. Ngati tikuona kuti sangathe ntchito, n'kwabwino kumulipirira sukulu ya umakaniki kapena ya utelala kuchokera m'thumba mwathu kusiyana ndi kumuika pa ndalama. Thandizo ndi thandizo, ntchito ndi ntchito. Zikasakanizika timataya zonse ziwiri, chibale ndi mpamba womwe.

Ndipo m'bale woopsa kwambiri pa kabati ya ndalama ndi mwini wakeyo. Ndi angati mwa ife amene amadzilipira malipiro a pamwezi? Ambiri timangopisa dzanja: ndiwo, fizi, chopereka cha pa maliro, zovala za Eid. Mayi a kunyumba akatuma mwana kudzatenga shuga ndi mchere, palibe cholembedwa. Pakutha pa chaka tikudabwa kuti malonda anali otentha koma mashelefu akuchepa. Dziikireni malipiro, ngakhale ochepa, ndipo pakhomo padye pamenepo. Chilichonse chotuluka m'sitolo kupita kunyumba chilembedwe m'buku lakelake pa mtengo wogulitsira. Za maliro ndi matenda, zomwe sizilephera kubwera, zikhale ndi thumba lawo lomwe timaponyamo kangachepe sabata ndi sabata. Thumbalo likatha, latha, ndipo tinganene zimenezo kwa abale ndi nkhope yoyera.

Achikulire akukumbukira zomwe zinachitika m'zaka za m'ma 1970, pamene boma la Dr Kamuzu Banda linalamula amalonda achimwenye kuchoka m'madera a kumidzi n'kukakhala m'mizinda ikuluikulu. Masitolo awo anatsalira Amalawi, ndipo panali chiyembekezo chachikulu. Patangopita zaka zochepa, ambiri a masitolo aja anali otseka, ndipo mabwinja ake akuonekabe m'matauni ang'onoang'ono ambiri. Zifukwa zinalipo zingapo, kuchepa kwa mpamba ndi kusowa kwa galimoto zonyamulira katundu zili m'gulu lomwelo. Koma chimene anthu anatengera chinali nyumba ndi mashelefu. Zomwe zinkayendetsa sitoloyo, mabuku, ubale ndi opikulitsa amene ankapereka katundu pa ngongole, ndi mwambo wosiyanitsa ndalama za sitolo ndi za pakhomo, zinakwera lole limodzi ndi eni ake.

Phindu lilipo, ndalama palibe

Chodabwitsa china cha bizinesi yomwe ikukula n'chakuti ingathe kufa ikupanga phindu. Tiyerekeze mayi amene ali ndi mpamba wa K2,000,000 ndipo amagulitsa mpunga ndi nyemba pa kashi. Katundu wake amatha m'masabata awiri, ndalama n'kubwerera, iye n'kukapikulanso. Tsiku lina sukulu yogonera konko yamupatsa oda ya katundu wa K3,000,000 mwezi uliwonse, pa mtengo wabwino, koma malipiro ndi pakatha masiku 60. Kunyumba kuli chikondwerero. Komatu cheke choyamba chisanafike, mayiyu ayenera kukhala atapereka katundu wa miyezi iwiri, ndiye kuti K6,000,000, katatu mpamba wake wonse, ndipo alimi amene amawagula safuna kumva za masiku 60. Kuti akwanitse, amatenga ndalama za pa benchi, makasitomala a tsiku ndi tsiku n'kupeza mulibe kanthu, n'kusamukira kwa wina. Cheke chikachedwa ndi mwezi umodzi wokha, wagwa m'manja mwa akatapila. M'buku muli phindu lokongola, m'thumba mulibe ya minibasi. Oda yaikulu isanavomerezedwe, pepala ndi pensulo zigwire ntchito: ndalama zituluka liti, zibwera liti, ndipo pakatipo tidya chiyani? Nthawi zina yankho lanzeru ndi kuvomera theka la odayo, kapena kupempha gawo la malipiro patsogolo.

Kugwa kwa ndalama yathu nakonso kumadya mpamba mwakachetechete. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Wamalonda amene anagulitsa katundu wake pa mtengo wakale, n'kumasangalala kuti malonda ayenda, atapita kukapikula anapeza kuti ndalama za makatoni khumi zikungokwana asanu ndi awiri. Mtengo wogulitsira uyenera kuyang'ana ndalama zimene tidzaombolere katunduyo mawa. Izi n'zosiyana ndi kubisa katundu kuti asowe kenako n'kukweza mtengo, khalidwe lomwe Chisilamu chimaletsa. Ndipo bizinesi ikakhala ndi masitolo awiri kapena atatu, payenera kukhala munthu mmodzi wodziwika amene amasintha mitengo ndi njira yachangu youzira onse, apo ayi sitolo ya kutali idzagulitsa sabata yathunthu pa mtengo wotaya.

Mpamba wokulitsira uchokera kuti? Kwa Msilamu, ngongole ya chiwongola dzanja ndi riba, ndipo ngakhale amene sali Asilamu aona mmene katapila wagwetsera anzawo. Njira yoyamba, yochedwa koma yolimba, ndi kubwezera phindu m'bizinesi. Yachiwiri ndi kupeza opikulitsa amene amatikhulupirira mpaka kutipatsa katundu tidzalipire pambuyo, ndipo chikhulupiriro chimenechi chimamangidwa ndi kulipira pa tsiku lomwe tinalonjeza, chaka ndi chaka. Yachitatu ndi mgwirizano. Mu mudharaba, wina amaika ndalama, wina amaika ntchito, ndipo phindu amagawana molingana ndi magawo amene anagwirizana poyamba, monga theka ndi theka. Malonda akaluza popanda chinyengo kapena kusasamala, mwini ndalama amataya ndalama, wogwira ntchito amataya thukuta lake. Mu musharaka onse amaika ndalama ndipo kuluza amagawana molingana ndi zimene aliyense anaika. Migwirizano yotere yatha maubwenzi ambiri pa chifukwa chimodzi: sinalembedwe. Tinangogwirana chanza pakhomo pa mzikiti n'kunena kuti ndife abale. Komatu ayah yaitali kwambiri m'Qur'an yonse, ya 282 mu Surah Al-Baqarah, ikukamba za kulemba ngongole ndi kuika mboni. Pepala silichotsa ubale. Limakumbukira pamene mitu iwiri yayamba kukumbukira zosiyana.

Tiwonjezere kuti Zakaat ya katundu wa malonda, 2.5 peresenti pa chaka ngati chumacho chafika pa nisaab, siingawerengedwe molondola ndi munthu amene sadziwa kuchuluka kwa sitoko yake, ndalama zake, ndi ngongole zomwe anthu ali nazo kwa iye. Wamalonda amene amawerengera Zakaat yake moona amakhala atatseka mabuku a chaka, ndipo akayerekeza ndi a chaka chatha amadziwa ngati akukwera kapena akutsika.

Za boma tingodutsamo mwachidule, koma zisanyozedwe. Mukalemba munthu ntchito mwalowa pansi pa lamulo la Employment Act la chaka cha 2000, lomwe limafuna kuti wantchito apatsidwe kalata yofotokoza ntchito ndi malipiro ake, lomwe linaika maola 48 pa sabata ngati malire a nthawi yogwira ntchito, komanso tchuthi cholipidwa cha pachaka. Lamulo la penshoni lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2011 linaika 10 peresenti kuchokera kwa olemba ntchito ndi 5 peresenti kuchokera kwa wantchito. Kuchotsa munthu ntchito mwaukali, osamumva mbali yake, kwafikitsa ambiri ku khoti la Industrial Relations Court, ndipo chipepeso chake chimaposa katundu amene ankamuganizira kuti waba. Kulembetsa bizinesi ndi kukhala ndi nambala ya msonkho ku MRA kumaoneka ngati kudziitanira mavuto, koma popanda zimenezo makampani ndi mabungwe akuluakulu sangakupatseni oda. Apa mpofunika kulipira munthu wodziwa za maakaunti, ngakhale wobwera kamodzi pamwezi. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Bwana akachokapo

Pali muyeso wina womwe Msilamu wamalonda angadziyese nawo. Ulendo wa Hajj umatenga masabata angapo. Kodi Allah atakupatsani mwayi chaka chino, mungapite n'kukapeza bizinesi ikuyenda? Tikudziwa anthu amene ndalama za ulendo ali nazo koma akhala akuzengereza chaka ndi chaka chifukwa palibe womusiyira makiyi. Tikudziwanso mabanja amene bambo atamwalira mwadzidzidzi anapeza kuti palibe amene akudziwa opikulitsa, palibe amene angasaine ku banki, ngongole zonse zinali m'mutu mwa malemu, ndipo ongongola anangoti zii. Sadaka ya masiku 40 isanafike, abale anali atagawana kale mafiriji ndi masikelo. Shariah inaika magawo a aliyense wolandira chuma cha masiye, ndipo dziko lathu lili ndi lamulo la mu 2011 loteteza amasiye ndi ana kwa olanda chuma. Koma sitolo ikagawidwa ngati nyama ya Qurbani, aliyense amatenga gawo la chinthu chakufa. Kumene mwini wake anakonzeratu, olandira angathe kugawana umwini ndi phindu molingana ndi magawo awo, bizinesiyo n'kumayendabe pansi pa munthu mmodzi amene anaphunzitsidwa.

Kuphunzitsako kumayamba pang'onopang'ono. Akazi athu adziwe mabuku ndi akaunti ya ku banki, pakuti kawirikawiri ndi iwo amene amatsala ndi ana. Mwana amene akuonetsa chidwi ayambire pansi, kusesa, kunyamula makatoni, kuyeza pa sikelo, ndipo tizipita naye kokapikula kuti opikulitsa amudziwe nkhope. Zomwe zili m'mutu mwathu zitsikire m'kope limodzi lachikuto cholimba: mayina a opikulitsa ndi masiku awo olipirira, ongongola ndi malire awo, tsiku la lendi, la laisensi ndi la msonkho, ndi amene timamuitana firiji ikafa.

Kenako tiyese kuchokapo. Lachisanu loyamba, tikatuluka ku Jumu'ah tisabwerere ku sitolo mpaka Loweruka m'mawa. Mwezi wotsatira tipite kumudzi masiku atatu, foni tiziyankha madzulo okha. Pobwera tisayambe ndi kufunsa antchito kuti zinayenda bwanji, aliyense adzati zinayenda bwino. Titenge buku la malisiti, tiphatikize, tiyerekeze ndi timapepala ta ku banki ndi mauthenga a ndalama za pafoni, kenako tilowe m'nkhokwe tiwerenge mabelo a shuga. Tilembenso mafunso onse amene anatiimbira foni masiku atatuwo. Funso lililonse pamndandandawo ndi chinthu chomwe sitinaphunzitse munthu kapena mphamvu yomwe sitinapereke, ndipo ulendo wotsatira, wa sabata yathunthu, usakonzedwe mafunsowo asanapeze eni ake.